Seveni Wanu Uja, Amayi

Amayi anga,

Kumene muliko kukucha bwanji? Ndine Feliya. Ndikulemba Lolemba masana, ndili pakhonde lanu, pamene pamafika mthunzi wa mango dzuwa likapendeka. Ndayamba ndi kutchula tsiku chifukwa ndi mmene munandilerera. Paja munkanyansidwa ndi munthu wofotokoza nkhani ndi mawu akuti "tsiku lina lake", mumvekere, "Tsikulo linalibe dzina?"

Ife kuno tilipo. Mng'ono wanga Joyisi anachira bwinobwino m'nyengo yozizira ija, mwana wamkazi. Tinamutcha Elube, dzina lanu. Vuto lake ndi lakuti palibe amene akutha kumukalipira. Akakoka tsitsi la amake, Joyisi amangoti, "Pepani amayi, tasiyani," ngati kuti mwamugwira ndinu. Mphuno ndi yanu ndithu, ngakhalenso kayang'anidwe kaja, kongokhala chete n'kumamuyeza munthu ndi maso.

Chimanga chimene munachisiya chikukhwima tinakolola. Sichinachuluke, koma sichinatichititse manyazi. Nandolo ndiye anabereka, kungoti mavenda a pa Lirangwe anagwetsa mtengo, moti wambiri ndangomusunga m'matumba. Anankafumbwe ndikulimbana nawo. Mbuzi yanu yamawanga inaswa ana awiri, mmodzi anafa. Denga la kukhitchini likudonthabe pakona pomwe paja. Mjigo unaonongeka mu Seputembala, tinasonkherana, unakonzedwa.

Zimenezo ndi zazing'ono. Chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi dzina lanu, Amayi. Linatsala pang'ono kuipa m'mudzi muno, inu mulibe pakamwa poti mudziyankhire.

Mukukumbukira choyezera mvula chija, chimene a bungwe la zaulimi anadzaimika kuseri kwa nyumba, inu n'kumachitcha kachitini kanu? M'mawa uliwonse munkathira madzi ake m'galasi la mizere lija, n'kuwerenga, n'kutumiza nambala pafoni imene anakupatsani. Zaka zonse zija simunaonjezereko kapena kuchotsera. Ine ndikati, "Amayi, yangotsala pang'ono kufika pamzere, ingonenani kuti faifi," munkandiyankha kuti, "Iwe, usamuonjezere Mulungu madontho." Kukapanda kugwa mvula munkatumiza ziro, ndipo ziro ameneyo munkamutumiza mwaulemu ngati nambala ina iliyonse.

Nambala yanu yomaliza inali seveni. Ndikuikumbukira chifukwa galasi ndinabweretsa ndine pamphasa pamene munagona, m'mawa wa tsiku limene tinakutengerani kuchipatala. Kunali kutagwa kamvula ka kumapeto kwa dzinja. Munadzutsa mutu, n'kuyang'ana, n'kuti, "Seveni." Ndinafuna kukutumizirani koma munakana, munadina nokha. Sabata imeneyo isanathe tinakuikani m'manda. Foni ndinaichotsa batire kuti ana asamaseweretse, ndinaikulunga m'nsalu ya chipani ija munkafunditsira nkhuku zoumatira, n'kuitsekera m'sutikesi yanu yachitsulo. Mlangizi wa bungwe anabwera kumaliro, anatipepesa, koma posakhalitsa anamusamutsira kwina. Kachitini kanangokhala pamtengo pake, popanda wokayang'ana.

Paja a bungwe amatumiza mauthenga pamafoni a alimi nyengo yodzala ikamayandikira. Chaka chino anayamba mu Okutobala. Abiti Saidi, mnzanu uja wogulitsa zitumbuwa pamsewu, ndi amene anabwera koyamba, foni ili m'manja, akuseka mpaka misozi. "Feliya, taona kuno. Akuti dzulo kwathu kuno kwagwa mvula seveni. Yagwera m'nyumba mwako kapena? Ine kwanga nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa." Ndinaseka nawo. Kunja kunali dzuwa loswa mtengo, fumbi lokhalokha.

M'mawa mwake uthenga unabweranso. Seveni. Mkuja, seveni. Abiti Saidi anasiya kuseka. Anandifunsa motsitsa mawu kuti nambala yomaliza ya malemu inali chani, ndipo nditawauza anangogwira pakamwa n'kubwerera kwawo osatsanzika.

Kenaka kunagwa chizimalupsa, chongonyowetsa pamwamba. Uthenga wotsatira unati m'dera lathu chinyezi chakwana, alimi adzale. Ambiri sanamvere, anakumba ndi chala n'kuona kuti pansi ndi pouma. Koma ena amene minda yawo ili kutali, cha ku Chigaru, anaganiza kuti mwina kumeneko yakhala ikugwa. Mlongo wanu, amalume a Bizweki, anadzala mbewu yonse yogula imene anali nayo. Inamera bwino, Amayi, mizere yake yooneka patali. Kenaka inapserera yonse.

Apa ndi pamene nkhani inatembenuka. Ndikafika pamjigo amayi ankangoti zii, kumveka chitsulo chokha. Poyamba ankati ndine ndikutumiza manambala abodza kuti a bungwe azindipatsa mayunitsi. Amalume atabwera kudzandifunsa, ndinatsegula sutikesi iwo akuona, ndinamasula nsalu, n'kuwaonetsa foni yozizira, batire lili padera. Ndinkayesa kuti ndadziyeretsa. Sindinadziwe kuti ndakuponyani inu pamoto. Amalume anayang'ana foniyo nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Ndiye kuti ndi mwini wake. Mlongo wanga sanagone."

Mukudziwa tanthauzo la mawu amenewo kuno. Munthu wabwino akafa amagona. Amene amadzuka n'kumayenda, n'kumapsereza mbewu za abale ake, ali ndi dzina lina, ndipo dzinalo sinditha kulilemba pafupi ndi lanu. Amalume anati mwezi ukatha manambala asanasiye, akatenga munthu wina wa kuseri kwa Mdeka adzatsirike manda anu. Inu, Amayi, amene tinakuikani ndi nyimbo, mutavala zoyera za amayi a kutchalitchi. Akanati achite zimenezo, mudzi wonse ukanadziwa kuti banja lavomera. Ndipo kamwana ka Joyisi kakanakula ndi dzina limene anthu amalitchula monong'ona.

Ine sindinakhulupirire kuti mungapsereze mbewu ya munthu. Koma ndisakubisireni, m'mawa uliwonse ndinkapita kuseri kukasuzumira m'kachitini. Munali fumbi, kangaude, ndi mavu akufa. Ndikabwerera pakhonde foni yanga inkalira, seveni. Thupi linkachita tsemwe, komabe ndinkaudikira uthengawo. Tsiku lina unachedwa chifukwa cha netiweki, ndipo ndinapezeka ndaima pachulu, foni m'mwamba, mtima uli phaphapha ngati ndikudikira basi imene mwakwera inu.

Ndinaganiza zopita kwa Ndaona. Mdzukulu wanu uja, amene munamugulitsira mbuzi kuti amalize sukulu, tsopano akugwira ntchito ya makompyuta m'tauni, koma akuchita lendi ku Chileka chifukwa nyumba n'zotsikirako mtengo. Ndinakwera minibasi Lachinayi, ndinatsika pa Kameza, n'kukwera ina. Chipinda chake n'chaching'ono, ndege ikamatera malata amanjenjemera. Nditamufotokozera anaseka, amvekere, "Amayi, agogo foni yomwe ankaigwira ngati dzira ija, ndiye aziitumiza ali kumanda? Netiweki yake iti?" Ataona kuti sindikuseka anandiphikira tiyi, n'kuyamba kuimba mafoni.

Wa ku bungwe amene anayankha anati makina awo salakwa, nambala ikuchokera kwa woyeza wa kwathu. Ndaona anamuuza kuti woyezayo tinamuika m'manda mu Malichi. Pamenepo munthu uja anavomera kumutumizira manambala onse pamodzi ndi malangizo amene amapatsa kompyuta yawo, poti si zachinsinsi.

Amayi, ndinaona ntchito yanu yonse pagalasi la laputopu. Manambala amawaika m'timabokosi, ngati maenje a bawo, koma bawo lake lopanda malire. Kutsika m'munsi ndi masiku, kupita m'mbali ndi malo. Ndaona anandilozera mzere wanu. Ndinaona maziro anu, ndinaona manambala aakulu a chaka cha madzi osefukira chija, ndinaona masiku awiri amene nambala inangobwerezedwa pamene munapita kuukwati ku Lunzu. Kenaka seveni wa tsiku lija. Pansi pake seveni. Ndaona ankatsitsa ndi chala, Epulo, Meyi, Juni, miyezi yonse yachisanu ndi yadzuwa, seveni yekhayekha mpaka tsiku limene ndinakhala pamenepo. Ndinapempha kuti ayambe watseka.

Anandifotokozera pang'onopang'ono, poti amadziwa kuti sukulu yanga inathera ku pulayimale koma masamu ndimawatsata. Akuti a bungwe sanapange okha chida chosanjira manambalawa. Anatenga pulogalamu ina ya pa intaneti, imene anthu oyeza nyengo, nyanja ndi nyenyezi m'maiko ambiri amagwiritsa ntchito. Ndi yaulere, ilibe mwini mmodzi. Aliyense angathe kuitenga, kuyang'ana m'kati mwake, ndipo akapeza poonongeka angathe kukonza, koma pali kagulu ka anthu kamene kamayamba kaona ngati wakonza bwino. Ndinati ndiye ngati mjigo wathu ndi komiti yake. Anati eya, kungoti a komiti yake sanaonanepo maso ndi maso.

A bungwe anauza pulogalamuyo kuti woyeza akaphonya tsiku, izikopera nambala ya dzulo lake, koma isapitirire masiku atatu. Akapitirira, isiye mabokosi opanda kanthu. Ndaona anapukusa mutu, anati ngakhale zimenezo n'zolakwika, mvula si chinthu chokopera. Komabe zikanayenda monga anauzira, seveni wanu akanaoneka katatu kokha n'kutha. "Ndiye pali chimene chathyoka," anatero, "tichipeza pompano."

Sanachipeze pompano. Anatenga mzere wanu wokha n'kuupatsa pulogalamu ija pa laputopu yake. Inakopera katatu n'kusiya, bwinobwino. Anayesanso, chimodzimodzi. Anatenga manambala onse a bungwe, mzere wanu uli momwemo, n'kuyesa. Seveni mpaka pansi. Anabwereza kangapo. Mukakhala nokha munkagona, akakuikani pakati pa anzanu munkadzuka. Ndinaona mwana uja nthabwala zikumuthera. Anadzuka, anakatsuka mbale zotsukatsuka kale, anabwerera. Anandifunsa osandiyang'ana kuti, "Amayi, foni ija batire munachotsadi?" Ndinati ndinachotsa. Ndege inadutsa, tonse tinadzidzimuka ngati ana.

Anachipeza Loweruka, dzuwa lili paliwombo, ine ndikusankha nyemba pakhomo. Ndinangomva wakuwa, "Ndime! Amayi, ndi ndime!" Akuti manambala akachuluka kwambiri, kompyuta siingawanyamule onse pamodzi, ndiye pulogalamu imawadula m'zigawo, monga timadulira ndime tikalemba aganyu m'munda waukulu. Chigawo chilichonse chimagwiridwa pachokha. Tsono wa ndime yoyamba ankakopera seveni wanu n'kufika pamalire. Wa ndime yachiwiri ankangosuzumira nambala yomaliza ya mnzake, osafunsa ngati ili yoyezedwa kapena yokopera. Ankaitenga ngati yeniyeni, n'kuyamba kuwerenga masiku ake atatu kuchokera pa wani. A bungwe anadula ndime zawo zifupizifupi, moti masiku atatu asanathe malire ena afika kale, wina n'kuyambiranso. Aliyense ankasunga lamulo m'ndime yake, ndipo palibe amene ankadziwa kuti mwini nambala anasiya kalekale. Mzere wanu wokha unali waung'ono, sunkadulidwa, n'chifukwa chake unkatuluka bwino.

Ndinamva, Amayi. Ndinachita kuwerengera ndi nyemba pamphasa, m'magulumagulu, ndipo zinatuluka monga ananenera. Mtima unatsika. Koma pansi pake panali kena kake kolemera, ndipo sindinamuuze mwana.

Atadziwa poyang'ana, Ndaona anafufuza mizere ina. Simunali nokha. Anapeza ina ingapo yoima pa nambala imodzi miyezi ndi miyezi. Wina wa cha ku Kuntaja unaima pa ziro, ndiye palibe anadabwa, kumeneko kunkangooneka ngati chilala chosatha ngakhale m'masiku amene mitsinje inadzaza. Sitikudziwa kuti eni ake ndani. Mwina foni inagwera m'madzi, mwina anasamuka, mwina ali nanu kumeneko. Ndinawaganizira kwambiri anthu amenewo, akupereka malipoti m'mawa uliwonse iwo osadziwa. Ngati mwakumana ndi wa ku Kuntajayo, mumuuze kuti nayenso anamumasula.

Kupeza kunali kwina, kukonza kwina. Ndaona analembera a komiti aja m'Chingerezi, pamalo pamene aliyense amalembapo zovuta zimene wapeza. Anandiwerengera. Sanatchule za manda, anangoti woyeza anasiya kutumiza. Ndinamufunsa kuti ayankha liti. Anati sakudziwa, anthu ake amagwira ntchitoyi mongodzipereka akaweruka kuntchito zawo, ndipo kwina kukamacha kuno kumakhala kukuda. Ine m'mutu munali mwezi wa amalume, umene unali utapita kale pakati.

Ndinabwerera kumudzi, iye n'kumandiuza pafoni mmene zikuyendera. Woyamba kuyankha anali mayi wina wa kudziko lozizira, anathokoza, n'kupempha kachitsanzo kakang'ono koti aliyense aone vutolo pa kompyuta yake. Ndaona anatumiza. Kenaka anatumiza kukonza kwake, kwakuti wa ndime iliyonse azimuuza mnzake osati nambala yokha, komanso kuti yakoperedwa kale kangati. Bambo wina anayesa n'kubweza, akuti zikugwira koma zikuchedwetsa kwambiri amene ali ndi manambala ochuluka. Mwana analira ndi ukali pafoni, amvekere, "Iyeyo agogo ake akufuna kuwatsirika ndani?" Koma anakhalanso pansi n'kulemba mwa njira ina. Magetsi ankathimathima, ankakatchajitsa laputopu kubabashopu. Ine ndinkangomuuza masiku amene atsala, mwina ndinkamuonjezera katundu.

Ataona kuti nthawi ikutha, anabwera yekha kumudzi Loweruka lotsatira, laputopu m'chikwama. Tinaitana amalume. Abiti Saidi sitinawaitane koma anafika, akuti amadutsa. Tinakhala pansi pa mango. Ndaona sanayambe ndi kufotokoza. Anati, "Agogo a Bizweki, tchulani nambala iliyonse." Amalume anati folo, mokayika. Iye anapanga mzere watsopano, analemba dzina la amalume pamwamba, anaika folo m'bokosi limodzi, ena onse opanda kanthu. Anaudula m'ndime zifupizifupi n'kudina. Folo anatsika galasi lonse mpaka pansi.

"Agogo, mwamwalira liti osatiuza?" anafunsa mwana uja.

Abiti Saidi anagwa chagada ndi phwete. "A Bizweki, pepani, maliro anu sitinamve! Ndiye mukuyendatu bwino, fumbi lomwe kumapazi!"

Amalume sanaseke. Anauza Ndaona kuti ayese ndi dzina la galu wawo. Anayesa, galu nayenso anagwetsa mvula mpaka Disembala. Kenaka Ndaona anaika kukonza kwake, n'kudinanso. Folo anaoneka katatu, pansi pake mbee. Amalume anayandikira, anagwira galasi ndi chala ngati akufuna kumva ngati pali potentha. Anafunsa kuti, "Nanga mbewu yanga makina akowo abweza?" Ndaona anati ayi, agogo, sabweza. Amalume anati za pagalasi aziona, koma iwo akhulupirira foni yawo ikasiya yokha. Munthu wa ku Mdeka sanamuletse, anangoti ayembekeze pang'ono.

A komiti asanavomere anapempha chinthu chimodzi chomaliza. Akuti aliyense wokonza vuto amayenera kusiya mayeso, kafunso kamene pulogalamu izidzifunsa yokha kuti vutolo lisadzabwerenso mwakachetechete. Ndaona anandiimbira kundifunsa ngati ndingalole kuti m'mayesomo aikemo nambala yanu. Dzina ayi, mudzi ayi, nambala yokha. Ndinalola.

Anavomera sabata yomaliza ya mwezi. Ndaona anandiimbira akukuwa, akuti dzina lake lalembedwa m'gulu la okonza, ndipo mayi wa kudziko lozizira uja wamupempha kuti ayang'anenso malo ena ofanana nawo. A bungwe anatenga pulogalamu yokonzedwayo, ndipo atamva mawu a Ndaona anasiyiratu zokopera mvula ya dzulo. Anapepesa pa uthenga umodzi waufupi. Mbewu sanabweze.

M'mawa wa Lachisanu foni inalira nthawi yake yomwe ija. Uthenga unati m'dera lanu mulibe muyeso. Ndinauwerenga ndili chiimire kuseri, pafupi ndi kachitini. Ndinayenera kusangalala, Amayi, dzina lanu linali litayera. Koma ndinangokhala pansi pafumbi pomwepo. Pamaliro anu sindinalire kwambiri, ndinali wotanganidwa ndi kulandira anthu ndi kuona kuti ufa ukwana. Tsiku limenelo ndi pamene munachokadi pakhomo pano. Miyezi yonseyi ndinkadziwa kuti si inu, kapena ndinkati ndikudziwa, koma panali chinthu chimene chinkandilonjera m'mawa ndi mawu anu omaliza. Mwana wanga yemwe ndi amene anachitseka pakamwa, ndipo anachita bwino.

Nditamuuza Ndaona, anandifotokozera za mayeso aja. Akuti munthu aliyense, kulikonse padziko, akafuna kusintha kanthu m'pulogalamu imeneyo, makina amayamba ayendetsa mayeso onse. Amatenga seveni wanu, amaika mabokosi opanda kanthu pansi pake, amadula m'ndime, n'kuona ngati pulogalamu ikudziwa poimira. Ikapitiriza kukopera, zonse zimaima, kusintha kwa munthuyo sikulowa mpaka akonze. Akuti zimenezi zimachitika kambirimbiri, usana ndi usiku. Sindikudziwa ngati zikukusangalatsani kapena zikukusowetsani tulo. Anthu amene sadzamva n'komwe za Lirangwe akumafunsidwa ndi nambala yanu ngati akunena zoona. Ine ndikaganiza, ndimaona kuti ntchito yake ndi yomwe ija munkandichita ine.

Amalume anabwera Lamulungu titaweruka kutchalitchi, khasu paphewa. Sananene kanthu za Mdeka. Anangoti manda a mlongo wawo amera thengo, tipite tikalambule. Tinalambula awiriwiri. Pobwerera ndinakwera pampando kukhitchini n'kutsitsa chimanga chamakolo chija munapachika pautsi, ndinawagawira theka. Anachilandira ndi manja awiri. Pamjigo amayi ayambanso kundilankhula, ena mopitirira muyeso.

A bungwe anafunsa ngati pali wofuna kupitiriza kuyeza. Ndinatulutsa foni m'sutikesi, ndinabwezera batire, ndinatsuka kachitini ndi galasi. Masiku oyamba ndinkatumiza ziro, ziro, ziro, ndipo uthenga unkabwera ndi ziro yemweyo.

Tsono mverani izi, Amayi, poti ndi zimene zandilembetsa kalatayi lero osati mawa. Lachitatu lapitali mvula yeniyeni inagwa, yoyamba, ya fungo lija. M'mawa mwake ndinathira madzi m'galasi, ndinaliika pamalo osapendekeka monga munkachitira, ndinagwada kuti diso lilingane ndi mzere. Seveni. Osapitirira, osaperewera.

Ndinaitana Abiti Saidi kuti adzaone, mwina maso anga. Anayang'ana, anabwerera m'mbuyo, anatchula dzina la Mulungu m'chinenero cha kumzikiti kwawo. Kenaka anandigwira dzanja. "Feliya, mwana wanga, tamvera. Lemba eyiti. Kapena sikisi. Adziwa ndani? Ukatumiza imeneyi mawa a Bizweki ali pa njinga kupita ku Mdeka. Kapena ndilavuliremo pang'ono ikwere?" Ankaseka, koma dzanja lawo linali lozizira.

Ndinaima ndi foni nthawi yaitali. Ndinaganiza za pamjigo, za kamwana ka Joyisi, za mwezi wonse umene Ndaona anavutika. Dontho limodzi lokha likanatseka nkhani. Koma ndinkakumvani, Amayi, osati ndi makutu, koma kumbuyo kwa khosi kuno, mmene ndinkakumverani ndili mwana ndikafuna kubera muyeso wa mchere. Ndinadina seveni.

Uthenga utafika m'mafoni, amalume anabwera, matope ali m'mapazi. Anaima pabwalo, anayang'ana foni yawo, anayang'ana nthaka yonyowa, anayang'ana ine. Anafunsa kuti, "Ameneyu ndi wako kapena wa amako?" Ndinati ndi wanga, amalume, galasi lilipo, Abiti Saidi anaona. Anagwedeza mutu n'kunena kuti akupita kukadzala. Tsiku lotsatira sikunagwe kanthu, ndinatumiza ziro, ndipo uthenga unabwera ndi ziro. Palibe amene wanenapo kanthu.

Amalume ndinawayankha choncho, ndipo sindinaname. Koma kwa inu ndifunse mwakachetechete. Mwa manambala onse amene mvula ikanatha kugwa, Amayi? Ndaona akuti zimachitika, seveni ndi nambala ngati ina iliyonse, ndipo masamu ake ndikuwavomera. Komabe ngati munali inu, ngati munangofuna kuona kuti galasi mwalisiyira munthu wotani, ndiye mwaona. Musavutikenso kubwera. Gonani.

Chimanga chanu chamakolo chayamba kumera, kwa amalume ndi kuno komwe. Tikakolola tidzakumangirani chiliza, ndagwirizana kale ndi Joyisi, ndipo Ndaona akuti simenti ndi yake. Kachitini ndizikayang'ana m'mawa uliwonse. Tsiku limene ndidzadwale kapena kuchokapo, bokosi langa lidzakhala lopanda kanthu, ndipo ndamuuza kale mdzukulu wanu kuti ikadzafika nthawi yanga yobwera kumeneko, aonetsetse kuti nambala yanga yomaliza yalembedwa kamodzi kokha.

Ndimakukondani, Amayi, lero ngati kale.

Ndine mwana wanu,
Feliya